Mphini za Mwendo Wamanzere

Cosmo City, Joni
19 Febuluwale 2023

Amake Tikondwe,

Ndikudziwa kuti mtima wanu wagunda poona kalata m'malo mwa foni, ndipo mwina mwayamba mwayang'anitsitsa ngati dzanjali ndi langadi. Ndi langa. Sindinamangidwe, ntchito sinathe, ndipo ndikulemba nditakhala tsonga. Kaya inu mwadzuka bwanji kumeneko, pamodzi ndi Amayi, Tikondwe ndi Nomsa? Ine ndilipo, kupatula tsaya lija.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ana amatchera khutu, komanso masiku ano mawu anga akutuluka ngati ndili ndi mbatata yamoto m'kamwa.

Chotupa chimene munachiona pafoni pa Khirisimasi, chimene tinkati ndi dzino, si dzino. Madotolo a pachipatala chachikulu kuno ajambula, atapako kanyama, ndipo akuti ndi chotupa chomera m'kati mwa fupa la nsagwada. Si khansa. Mawu amenewa muwauze Amayi kawiri. Koma chimadya fupa m'kati mwakachetechete monga amachitira nankafumbwe, kunja chimanga chikuoneka chabwinobwino. Mankhwala akumwa palibe. Ayenera kudula nsagwada yam'munsi kuyambira pafupi ndi khutu lamanzere mpaka kupitirira pachibwano, ndi mano ake omwe.

Musalekere pamenepa kuwerenga. Sadzandisiya wopanda chibwano. M'munsi mwa bondo munthu ali ndi mafupa awiri: lalikulu lakutsogolo, limene limasenza thupi, ndi lina lowonda chakunja, limene limangoperekeza. Lowondalo adzalichotsa kumwendo wamanzere pamodzi ndi kachikopa ka pamwamba pake ndi mitsempha yake ya magazi. Adzalidula zidutswa, kuzikhotetsa kuti zifanane ndi chibwano, n'kuzimanga ndi kachitsulo. Mitsemphayo adzailumikiza ndi ya m'khosi kuti fupalo lipitirize kulandira magazi. Kachikopako kadzatseka m'kamwa pamene panali usinini. Ndi zomwe ndimachita tsiku ndi tsiku kunazale kuno pomezanitsa mapichesi: kanthambi ka uku, tsinde la uko, kumanga bwino, kudikira. Ndinawauza adotolo choncho. Ndi mayi wamfupi wosachedwa kuseka. Anati, "Ndiye ntchito yathu ndi imodzi, kungoti mitengo yanu sifunsa mafunso ambiri ngati inu." Ndinawauza kuti ndinaphunzira zauphunzitsi, kufunsa n'kumene kunanditsalira.

Ndapereka kwa a Bakali a thiraki kandalama ka mankhwala a chiwawu cha mbatatesi ndi nsapato za Nomsa. Mukatenge kusitolo ya achimwene awo ku Boma. Mupopere mvula ikangokata, musadikire masamba kuda.

Abwana avomera kundisungira malo. Za mapepala anga kuchipatala anafunsa, tinakambirana. Zimenezo ndidzakuuzani pamaso.

Pamasiku amene sindidzatha kulankhula, Zikhalo, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, ndiye azikudziwitsani.

Ine mwamuna wanu,
Gerevazio


Kuchipatala, Joni
30 Malichi 2023

Amake Tikondwe,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa ngakhale mwawamva kale, kuti akhalepo papepala. Kaya inu thupi likupeza bwanji pambuyo pa zonsezi?

Zikhalo wandiuza dzulo lokha. Amaopa kuti magazi anga athamanga. Akuti tsiku lotsatira opaleshoni anandijambula n'kukutumizirani chithunzi chopanda mawu ngakhale amodzi, kenako analowa ntchito kubekari kumene mafoni amatsekeredwa m'kabati, ndipo potuluka anapeza magetsi atazima, foni itatha moto. Ndachiona chithunzicho. Maso otseka, nkhope yotupa, nsalu yoyera mpaka m'khosi, ndi bandeji yochokera pansi pachibwano kukamangidwa pamutu, ndendende mmene timamangira womwalira kuti pakamwa pasayasame. Sindikukudzudzulani. Ngakhale ine, akanandionetsa osandiuza, ndikanavula chipewa.

Zikhalo anaima pafupi ndi bedi akupotokola kapu yake. Anati, "Achimwene, ine ndimati aone kuti mwagona bwino." Ndinalemba pakapepala kuti, "Anaonadi." Anaseka pang'ono, kenako analira.

Ndiye belu linalira kutchalitchi chifukwa cha ine. Azimayi a mphakati anagona pasiwa m'nyumba mwathu, azibambo anasonkha moto panja m'chisanu cha mvulacho. Ndikufuna kudziwa anayambitsa nyimbo ndani, ndipo anaimba ziti. Musandibisire. Ufa ndi nkhuni zimene anthu anabweretsa musabweze, angakhumudwe. Mungowathokoza khomo ndi khomo, ndikadzabwera tidzawaphikira.

Opaleshoni inayenda tsiku lonse. Ndikupumira kapaipi ka pakhosi, n'chifukwa chake mawu palibe, ndipo phala likudutsa m'kapaipi kena ka m'mphuno. Masiku oyamba anamwino amabwera pafupipafupi ndi kachida konga cholembera, kukagunditsa pansi pachibwano changa. Kamakweza phokoso la magazi: shu, shu, shu. Likamveka ndiye kuti fupa lagwira. Likanati zii, akanandithamangitsiranso kuchipinda cha opaleshoni. Namwino wina anati, "Mvetserani, bambo, mwendo wanu ukuyankhula m'khosi." Amafuna kundiseketsa. Koma akachoka ndimakhala ndikulimvabe phokosolo, ngati munthu akusesa pabwalo la nyumba imene anthu anasamukamo.

Zikhalo akuti atakuimbirani anamva mawu anu, a ana, ngakhale a akatekisiti, koma a Amayi sanawamve. Ali bwanji? Ndi ng'ala yawo ija chithunzicho sanachione okha. Anawafotokozera ndani, ndipo anawafotokozera motani?

Gerevazio


Cosmo City
14 Meyi 2023

Amake Tikondwe,

Moni nonse. Ine ndatuluka, ndikuyendera ndodo imodzi, mapaipi onse achotsa. Ndikumwa mahewu, supu ndi phala lamadzimadzi. Kuno chisanu chayamba, ndiye kwathuko nkhungu iyenera kuti yatsika kale m'mapiri. Ndatumiza bulangeti la Amayi ndi majuzi a ana.

Za foni ya Lamlungu lija ndaganiza kwambiri. Ndinalakwa kufulumira. Ndinayeserera m'chipinda muno, Zikhalo n'kumati zikumveka, koma iye wazolowera. Nomsa atalira n'kuthawa sindinadabwe. Koma Amayi atamvetsera nthawi yonse ija, n'kungofunsa kuti, "Ameneyu ndani?" kenako n'kukubwezerani foni, ndinakhala pansi osadziwa kuti foniyo ndiyiike pati.

Lolani ndifotokoze, kuti inunso mukawafotokozere. M'kati mwa nsagwada mumadutsa mtsempha umene umapatsa mlomo wam'munsi mphamvu yakumva. Unapita pamodzi ndi fupa lodwalalo. Tsopano mlomowo ndimaugwira ndi chala, koma iwo sudziwa kuti wagwiridwa. Lilime nalo lakokeka pang'ono chakumanzere pamene anasokerera chikopa. Mawu ofuna milomo iwiri kukumana ndiwo akundikanika. Ndikati "Amayi" pakutuluka "Aayi". Akundiphunzitsa kuchipatala Lachinayi lililonse, kutsogolo kwa galasi, ngati mwana wa Sitandade 1. Akuti zidzasintha, koma osati kubwerera pakale penipeni.

Mwalemba kuti Amayi akufunsa kumene nsagwada yakaleyo inaikidwa. Ndinakafunsa. Anaiika m'botolo la mankhwala, anaitumiza kwa oyeza, iwo anaicheka tizidutswa kuti atsimikize kuti chotupa chonse chatuluka, zotsala anaziwotcha pamodzi ndi za anthu ena. Ndi lamulo lawo. Muone nokha ngati n'koyenera kuwauza zonsezo.

Chimene sindinauze adotolo n'chakuti mano amene anachoka aja amandiwawa. Makamaka lachibwano lakumapeto, lija linabooka. Ndimapititsa lilime kuti ndilitonthoze, n'kupeza palibe kanthu.

Mbatatesi musagulitse kwa oyamba kufika ndi galimoto. Mufunse kaye mtengo wa kumsika wa Chimbiya.

Gerevazio


Cosmo City
25 Juni 2023

Amake Tikondwe,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndathokoza kuti simunazungulire. Kuti muli bwino m'thupi ndakondwa. Ine mwendo ukulimba, ndodo ndaisiya.

Tikondwe musamukwapule. Mnzake akamuuza kuti ndi mwana wa ndondocha, n'zovuta kuti mwana wa zaka khumi apinde manja. Koma mumuuze kuti dzino la mwana wa eni ake limene wagwedeza lija tidzakapepesa tonse, ine ndi iye.

Mawuwo ndinawayembekezera. Ndawaika pamzere monga ndinkachitira ndi masamu pabolodi, ndipo ndaona kuti anthu sakupenga. Munthu anamulira, belu linalira, mtembo sunabwere. Kenako akumveka kuti ali kutali, akugwira ntchito kwa mwini chuma, ndipo akamalankhula akumveka ngati anamudula lilime. Kuyambira tili ana tinkamva kuti ndondocha imapangidwa choncho: amakupha m'maso mwa abale ako, n'kukudula lilime kuti usaulule, uzimugwirira ntchito wolemerayo. Wina aliyense akanawonkhetsa n'kupeza yankho lomwelo. Kungoti yankholo ndi lolakwa. Lilime langa lilipo lonse. Bambo mfumu akanena paguwa mwina ena amva, koma Amayi sadzamvera guwa pa nkhani ya mwana wawo.

Kuntchito ndabwerera. Abwana andichotsa kutsogolo kumene ndinkalandira ogula, akuti dovu limene limandichucha osadziwa likuthawitsa anthu. Andiika kushedi yakumbuyo, kothira dothi m'timapepala. Malipiro atsika, n'chifukwa chake mwezi uno mwalandira zochepa. Ndimalowa kusanache bwino, ndimatuluka dzuwa litapendeka, ndipo tsiku limatha osalankhula ndi munthu. Lachiwiri ndinadutsa pagalasi la nyumba ya mbande nditasenza thumba, ndinaona munthu wowonda, wokhota pakamwa, akuyenda mokoka mwendo. Ndinamupatsa njira.

Pali china chimene ndikuuzani inu nokha. Chikopa sichiiwala kwawo. Kachikopa ka m'kamwa kaja kayamba kumera cheya, monga kankachitira kali kumwendo. Adotolo akuti n'zachizolowezi, amachidula ndi kasizasi ndikapita, ndipo m'tsogolo angathe kuchiwotcha. Zikhalo akuti ndine munthu woyamba wa ku Bembeke kumeta ndevu zam'kati. Ndinaseka. Koma izi zisafike pachitsime.

Gerevazio


Cosmo City
6 Ogasiti 2023

Amake Tikondwe,

Moni. Ndayamba kutafuna mbali yakumanja, nyemba zofewa ndi dzungu. Kaya chifuwa cha Amayi chatsika?

Nditawerenga zimene Amayi anena ndinasangalala koyamba m'miyezi yonseyi. Mwalemba kuti anati, "Mawu amanama, chithunzi sindiona. Abwere ndidzamugwire mwendo wamanzere. Mwana wanga ali ndi mphini zinayi chakunja kwa katumba, ndinamugwirira ndekha potema." Ndikukumbuka nkhani yake. Ndinachedwa kuyenda, ndiye agogo aamuna ananditema n'kupakamo mankhwala akuda, Amayi atandipana pamiyendo pawo, Abambo ali kutchalitchi osadziwa. Ndinati basi, nkhani yatha. Ndinapinda buluku msangamsanga.

Amake Tikondwe, pamalopo palibe mphini. Ndi pomwe anachotsa chikopa chija. Anatsekapo ndi kachikopa kena kopyapyala kochokera pantchafu, kosalala, konyezimira ngati pulasitiki. Ndinakhala pabedi ndikuyang'ana mwendo umene mayi wanga sangaudziwe.

Kenako ndinazindikira chimene lilime langa lakhala likusewera nacho kuyambira Meyi. Pansi pa lilime, chakumanzere, pali timizere totukuka. Ndinkayesa ndi mosokedwa. Lachinayi ndinapempha adotolo kagalasi ndi tochi. Anayang'ana nati, "Izi? Tinaziona tsiku la opaleshoni. Tinkayesa munakalidwa ndi waya muli mwana." Ndinawafotokozera. Anaitana ophunzira awo awiri kuti adzaone, ine n'kukhala chiyasamire ngati mwana wa mbalame.

Ndiye mphini za Amayi zilipo. Zangosamuka, zili m'kamwa mwanga.

Koma ndikupeza zitatu. Ndawerenga ndi lilime, ndawerenga ndi chala, adotolo awerenga ndi tochi. Zitatu. Akuti yachinayi mwina inagwera m'mphepete pamene anadula, kapena yabisika mumsoko. Sangatsimikize. Mufunse Amayi mosawadzidzimutsa ngati akukumbukadi kuti zinali zinayi. Ine mwendo wangawo sindinauwerengepo. Ndani amawerenga zimene anabadwa akuziona?

Mbuzi yaikazi ija musagulitse. Fizi ya Tikondwe ndiyesetsa kuno.

Gerevazio


Cosmo City
17 Sepitembala 2023

Amake Tikondwe,

Ndili bwino. Kalata yanu yandipeza, ndipo ndaiwerenga kangapo.

Ayi. Ndikudziwa kuti zotemetsa mphini zatsopanozi mwanena chifukwa chotopa, ndipo Zikhalo naye ananena zomwezo, mpaka anapeza kale mkulu wina wa ku Ntcheu amene amatema mphini kuno. Akuti atema zinayi kumwendo wamanja, ife tidzati Amayi asokoneza miyendo chifukwa cha ukalamba. Koma mphini ya mwezi umodzi ndi ya zaka makumi anayi sizifanana pachala. Yatsopano imakhala yolimba, yakuthwa m'mbali. Amayi amasankha nyemba zofumbwa osaona. Akadzagwira n'kuzindikira kuti tawakonzera, adzati amene anandipanga ndondocha ndiye watema, ndipo sipadzakhalanso china chowauza.

Mwati abwereza kuti zinayi, ndipo anakwiya kuti mwafunsa. Chabwino.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi bulangeti. Miyezi yonse yachisanu lakhala lili chipindire pamwamba pa sutukesi, iwo akutsokomola m'chitenje, ati za akufa safunda. Ndipo mwati ufa wogulidwa ndi ndalama zanga akukana, akudya wa kwa achemwali anga okha, pamene kumenekonso ndi kochepa. Bwenzi mutandiuza kale. Mmene mwafotokozera kuwonda kwa manja awo, sindikuona kuti angadikire mpaka mvula.

Adotolo anandilemba pamndandanda wa Novembala kuti ayambe zondiika mano m'fupa latsopanoli. Ndinawauza kuti ndikupita kumudzi. Anati ndikaphonya, mzerewo ndi wautali, ndipo ndi mmene alili mapepala anga sakudziwa ngati ndidzalowenso. Abwana nawo anena zawo, zosafunika kulemba. Ndinawafunsa adotolo ngati munthu angakhale ndi moyo wopanda mano am'munsi. Anati angathe. Ndinati ndiye mano adikire.

Gerevazio


Cosmo City
8 Okutobala 2023

Amake Tikondwe,

Moni kwa inu, kwa ana, ndi kwa Amayi ngati angalandire. Ine ndili bwino, katundu ndamanga. Ndikwera ndi a Bakali sabata yamawa, tidzalowera pachipata cha Dedza. Ndikadzawoloka adzakuimbirani ndi iwo, ine pafoni ayi.

Mudzabwere nokha pamphambano ya Bembeke. Ana adzandione kunyumba, nditakhala pansi. Ndikuuziranitu zimene mudzaone, kuti nkhope yanu isadzachite zimene simukufuna. Tsaya lamanzere ndi lophwa, chibwano chapendekera pang'ono, ndipo pali chipsera chochokera kukhutu kudutsa pansi pakhosi. Ndimayenda ndi kansalu m'manja kopukutira pakamwa. Kuyambira pamphuno kupita m'mwamba ndine yemwe uja. Mukasowa poyang'ana, mudzayang'ane pamenepo.

Tisadzadutse kumsika. Tidzatsike njira ya kumadimba, anthu adzamve mawa lake.

Kwa Amayi sindidzayamba ndi kulankhula, mawu anga anawakana kale. Ndidzagwada pakhomo pawo, inu mudzawauze kuti munthu uja wabwera, ndi kuti zimene akufuna kugwira zili m'kamwa. Adzafuna mwendo choyamba. Muwalole. Adzapeza posalala, ndipo mwina adzafuna kulowa m'nyumba. Pamenepo ndi pamene ndikudalira inu. Za yachinayi musadzayankhe kanthu, ngakhale afunse. Ndidzayasama, afufuze okha mpaka atakhutira. Mwina chala chimene chinagwira mwendowo tsiku lotema chidzapeza chimene tochi yalephera. Mwina sichidzapeza. Masiku ena m'mawa lilime langa limaipeza, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi msoko. Ndikabwererako ndi chala, palibe.

Tsono ndili ndi pempho, ndipo ndikudziwa kuti ndi lachilendo. Musambe m'manja, mutseke maso, mulowetse chala kuseri kwa mano anu am'munsi, mutsike nacho mpaka pansi pa lilime. Mudzamva pofewa, poterera, ngati m'kati mwa pichesi lakupsa. Muyende nacho pang'onopang'ono kuchokera pakati kupita kumanzere, kuti mudziwe njira yake. Mwa ine, pamene inu mukumva poterera, mudzayamba chikopa chokhakhala pang'ono, chokhala ndi cheya, ndipo timizereto tili chakumbuyo, topingasa. Amayi sanaikepo chala m'kamwa mwa munthu wamkulu. Akadzakhudza cheya adzafuna kuchotsa dzanja asanafike pamene pali mphini.

Muyese mukangolandira kalatayi, ana ali kusukulu, ndipo mubwereze mawa lake. Ndikufuna kuti tsikulo dzanja lanu lisadzasochere, chifukwa ndinu mudzagwire chala cha Amayi n'kuchiperekeza.

Ine mwamuna wanu,
Gerevazio